KANEMA WOPANGIDWA POPANDA KAMERA: ZIMENE ANTHU A KU DEDZA AYENERA KUDZIWA

Pa misika ya Chimbiya, Bembeke ndi Linthipe, ndiponso pa Boma pa Dedza, sichachilendo masiku ano kuona anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi ataunjirira foni imodzi, alikuonera kanema amene wina watumiza pa WhatsApp kapena pa Facebook. Kale munthu akaona chinthu pa kanema ankanena kuti waona ndi maso ake, ndipo mtsutso unkathera pomwepo. Tsopano zinthu zasintha. Kwabwera makina amene akhoza kupanga kanema wokongola ngati wa m'nyumba zazikulu zoonetsera mafilimu, koma popanda kamera, popanda wojambula, ndiponso popanda munthu aliyense amene anaimadi pamalopo. Munthu angolemba mau ochepa, makinawo nkutulutsa chithunzi choyenda ndi cholankhula.

Nkhani iyi yalembedwa kuti anthu a m'midzi, makamaka aphunzitsi, mafumu ndi akulu a mipingo, adziwe m'mene makinawa agwirira ntchito, ubwino wake, ndi ngozi zimene abwera nazo. Akale adati mlendo ndi amene abwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumo kotere kameta bwino, koma katemanso munthu wosasamala.

KUCHOKERA PA THANTHWE KUFIKA PA NSALU YOYERA

Anthu a m'mapiri a Dedza sayamba lero kuphunzitsana ndi zithunzi. M'mapanga ndi pa matanthwe a Chongoni, monga ku Chentcherere, Mphunzi ndi Namzeze, muli zojambula zakale. Zofiira zidajambulidwa ndi Akafula, ndipo zoyera zidajambulidwa ndi Achewa, zina zokhudza chinamwali ndi zina zokhudza nyau. Malo a zithunzizi ndi okwana 127, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Wojambula pa thanthwe ankadziwika ndi anzake, ndipo tanthauzo la chithunzi linkafotokozedwa ndi akulu.

Zithunzi zoyenda zidabwera pambuyo pake. M'mwezi wa December 1895 abale awiri a banja la Lumière adaonetsa kanema kwa anthu olipira mumzinda wa Paris. Pakati pa 1935 ndi 1937 gulu lotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment lidapanga mafilimu 35 ku Tanganyika ndi kuwayendetsa pa lole m'maiko angapo, kuphatikizapo Nyasaland. M'chaka cha 1948 ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, kudakhazikitsidwa Central African Film Unit, yopanga mafilimu ophunzitsa anthu a m'maiko atatu za ulimi, ukhondo ndi kasungidwe ka ndalama. Nkhalamba zambiri zikumbukira galimoto ya kanema, imene ena ankaitcha baisikopo, ikufika madzulo pa bwalo la sukulu, kupachika nsalu yoyera, womasulira nkumafotokoza pa chokuzira mau.

Pa mbiri imeneyi pali phunziro. M'zaka za Chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, ena mwa mafilimu aja adayamba kutamanda ulamuliro umene anthu ambiri sankaufuna, ndipo anthuwo adaphunzira kufunsa kuti kanemayu wapanga ndani, nanga afuna chiyani. Funso lomwelo lifunikanso lero, koposa kale.

KODI KANEMA NDI CHIYANI?

Kuti munthu amve za makina atsopanowa, ayenera kuyamba wadziwa kuti kanema sayenda kwenikweni. Kanema ndi zithunzi zambiri zoima, zoonetsedwa motsatizana mofulumira kwambiri, kotero kuti diso liona ngati chinthu chilikuyenda. M'mafilimu aakulu zithunzi 24 zidutsa pa sekondi imodzi. Motero filimu ya mphindi 90 ili ndi zithunzi 129,600.

Mphunzitsi akhoza kusonyeza ana ake zimenezi popanda kugula kanthu. Atenge kope lakale, ajambule kamunthu pa ngodya ya tsamba loyamba, pa tsamba lachiwiri ajambule kamunthu komweko katakweza mwendo pang'ono, pa lachitatu katakwezanso, mpaka masamba 20 kapena 30. Akatsegula masambawo mofulumira ndi chala chachikulu, ana adzaona kamunthu kaja kalikuyenda.

Kamera itenga zithunzi zimenezi kuchokera ku chinthu chenicheni chimene chili patsogolo pake. Makina atsopano satero. Iwo apeka chithunzi chilichonse, kadontho ndi kadontho, ndi kuyesetsa kuti chachiwiri chigwirizane ndi choyamba, chachitatu ndi chachiwiri, mpaka kumapeto.

MAKINA A NZERU ZOPANGA

Luso limeneli pa Chingerezi litchedwa Artificial Intelligence, mwachidule AI, ndiko kuti nzeru zochita kupanga. Ndi mapologalamu a kompyuta amene aphunzira ntchito mwa kuona zitsanzo zochuluka zedi, m'malo mouzidwa lamulo limodzi limodzi.

Luso lopanga kanema kuchokera ku mau lakula mofulumira. M'chaka cha 2023 kampani ya Runway ya ku New York idatulutsa pologalamu yotchedwa Gen-2, yopanga tizidutswa ta masekondi ochepa. Makanema a nthawi imeneyo anali oseketsa, nkhope zosungunuka ndi manja opindika. M'mwezi wa February 2024 kampani ya OpenAI idaonetsa pologalamu yake ya Sora, ndipo ambiri adadabwa ndi kukongola kwa zithunzi zake. Idatsegulidwa kwa anthu olipira mu December chaka chomwecho. Mu June 2024 kampani ya Kuaishou ya ku China idatulutsa Kling. Kumapeto kwa 2024 kampani ya Coca-Cola idaonetsa kanema wotsatsa malonda a Khrisimasi wopangidwa ndi makina otere. Kenaka mu May 2025 kampani ya Google idatulutsa Veo 3, imene inkapanga kachidutswa ka masekondi 8 pamodzi ndi mau a anthu, kulira kwa mbalame ndi phokoso la mvula. Zonsezi zidachitika m'zaka zosakwana zitatu.

KODI MAKINAWA APANGA BWANJI CHITHUNZI?

Munthu wa ku Dedza adziwa bwino chifunga cha mwezi wa June. M'mawa phiri la Dedza silioneka konse. Dzuwa likamakwera, chifunga chiyamba kupepuka: poyamba paoneka mthunzi wa phiri, kenaka mizere ya mitengo ya paini, kenaka miyala, mpaka zonse zioneka poyera. Munthu wokhala pamenepo zaka zambiri akhoza kunena kuti chakuda chija ndi thanthwe, ngakhale chifunga chisanathe, chifukwa waona zimenezi kambirimbiri.

Makina ambiri opanga kanema aphunzitsidwa m'njira yofanana ndi imeneyi. Akatswiri atenga makanema ndi zithunzi miyandamiyanda, chilichonse ndi mau ofotokoza zimene zilimo. Kenaka aononga dala chithunzi chilichonse mwa kuthirapo timadontho tosokoneza, pang'ono pang'ono, mpaka chisanduka ngati chifunga chokhachokha. Ntchito ya makina ndi kuyesa kuchotsa timadonthoto kuti chithunzi chibwerere. Akalakwa, masamu a m'kati mwake akonzedwa pang'ono, ndipo ayesanso. Izi zibwerezedwa kosawerengeka kwa masabata kapena miyezi, kufikira makinawo atazolowera m'mene nkhope, madzi, utsi ndi miyendo ya ng'ombe zionekera ndi m'mene ziyendera.

Tsono maphunziro atatha, munthu akalemba kuti afuna mayi wosenza mtolo wa nkhuni alikutsika phiri dzuwa likulowa, makina ayamba ndi chifunga chopanda kanthu, nachichotsa pang'ono pang'ono motsogozedwa ndi mau aja, mpaka mayiyo aoneka.

Koma apa pali kusiyana kwakukulu kumene aliyense ayenera kukugwira. Kuseri kwa chifunga cha June phiri lilipodi. Kuseri kwa chifunga cha makina kulibe kanthu. Mayi uja sadabadwe, alibe mudzi, alibe mfunda. Makinawo sadziwa kulemera kwa nkhuni kapena kuzizira kwa ku Dedza. Iwo angotulutsa chimene chifanana ndi zimene adaona. Chifukwa chake akhoza kupanga bodza mokongola chimodzimodzi ndi zoona, ndipo sasiyanitsa ziwirizi.

Chinanso, ntchito imeneyi sichitikira m'foni. Foni ingotumiza mau pa intaneti kupita ku nyumba zazikulu za makompyuta zimene zili kumaiko akutali. M'nyumbazo muli makina zikwizikwi amene adya magetsi ambiri ndipo atentha, kotero kuti afunika kuziziritsidwa usana ndi usiku. Kanema akapangidwa kumeneko abwezedwa ku foni.

CHITSANZO CHA KAPANGIDWE KAKE

Pofuna kumveketsa, nachi chitsanzo chongoyerekeza. Mphunzitsi wa pa sukulu ina kufupi ndi Bembeke afuna kanema wa mphindi ziwiri wophunzitsa ana chifukwa chake mizere ya m'munda wa m'phiri iyenera kupingasa chitunda, osati kutsetsereka nacho.

Choyamba, ayenera kulemba nkhani yake pa pepala, ndi kuionetsa kwa mlangizi wa zaulimi kuti aone ngati muli cholakwa. Makina sangamuthandize ngati iye mwini sadziwa chimene afuna kuphunzitsa.

Chachiwiri, agawe nkhaniyo m'tizidutswa. Mphindi ziwiri ndi masekondi 120. Ngati pologalamu yake ipanga masekondi 8 nthawi imodzi, afunika tizidutswa 15, ndipo kalikonse kali ndi zithunzi 192.

Chachitatu, pa kachidutswa kalikonse alembe mau omveka bwino: ndani ali pamenepo, wavala chiyani, alikuchita chiyani, ndi nthawi yanji, kuwala kuchokera kuti, ndipo woonera aone ali pafupi kapena patali. Kulemba kuti "munda" kokha sikukwanira. Ayenera kunena kuti ndi munda wa mbatata yachizungu pa chitunda cha dothi lofiira, mvula yamphamvu ilikugwa, madzi alikukokolola nthaka pakati pa mizere yotsetsereka. Mapologalamu ambiri amva bwino Chingerezi kuposa Chichewa, motero mauwo kawirikawiri afunika kumasuliridwa.

Chachinayi, ayembekeze kuti zoyamba kutuluka sizidzakhala bwino. Kachidutswa kamodzi kangafunike kuyesedwa kangapo. Vuto lodziwika ndi lakuti mlimi wa m'kachidutswa koyamba aoneka wosiyana nkhope kapena malaya m'kachiwiri. Pofuna kupewa zimenezi, opanga makanema ayamba apanga chithunzi chimodzi choima cha munthuyo, kapena apereka chithunzi chenicheni cha malowo, ndi kuuza makina kuti ayambire pa chimenecho nthawi zonse.

Chachisanu, alumikize tizidutswato ndi pologalamu yolumikizira makanema, imene ipezeka ngakhale pa foni, ndipo ajambule mau ake ofotokoza m'Chichewa. Potsiriza alembe poyera kumayambiriro kuti zithunzizi ndi zopangidwa ndi makina.

Motero aliyense aona kuti ntchito yaikulu ikhalabe ya munthu: kuganiza nkhani, kusankha chabwino, kutaya choipa, ndi kuonetsetsa kuti chophunzitsidwa ndi choona.

MTENGO WAKE

Ena aganiza kuti zimenezi ndi zaulere. Zoona zake nzakuti mapologalamu ena alola munthu kuyesa pang'ono osalipira, koma wofuna kanema wabwino ayenera kulipira mwezi ndi mwezi, ndiponso ndi ndalama zakunja. Pamene Sora idatsegulidwa mu December 2024, oigwiritsa ntchito ankalipira madola 20 a ku America pa mwezi, kapena madola 200 kwa ofuna zambiri. Pamene Veo 3 idatuluka mu May 2025, idayamba kupezeka ku America kwa olipira pafupifupi madola 250 pa mwezi. Mitengo imeneyi isintha kawirikawiri, ndipo mapologalamu ena atsekedwa pamene ena atsopano atuluka.

Pamwamba pa izi pafunika foni yamakono kapena kompyuta, magetsi kapena sola, netiweki yamphamvu, ndi bandulo yokwanira, pakuti kanema adya bandulo kuposa mau kapena chithunzi choima. Komiti ya sukulu kapena kalabu ya alimi isanatulutse ndalama, iyenera kufunsa ngati phunziro lomwelo silingajambulidwe ndi kamera ya foni m'munda wa mlimi wa m'mudzi momwemo. Nthawi zambiri njira imeneyi ndi yotchipa, ndipo anthu akhulupirira msanga akaona munda umene audziwa.

ZIMENE MAKINA ACHITA BWINO NDI ZIMENE ALEPHERA

Makinawa athandiza pa zinthu zimene kamera singathe kuzijambula mosavuta. Akhoza kusonyeza mwachiyerekezo m'mene phiri lingaonekere mitengo yonse itadulidwa, m'mene madzi ayendera pansi pa nthaka kufika pa chitsime, kapena kusandutsa nthano ya Kalulu ndi Fisi kukhala zithunzi zoyenda zokondweretsa ana a Sitandade 1.

Koma pali zambiri zimene alephera. Zitsanzo zimene adaphunzira ndi zochuluka za ku America, ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo za kuno ndi zochepa. Wopempha mudzi wa mu Africa kawirikawiri alandira chigwa chouma, mitengo ya minga ndi nyama zakutchire, osati mapiri ozizira, madimba a kabichi ndi nyumba za njerwa zootcha monga za ku Dedza. Khasu lingatuluke looneka ngati fosholo, nkhokwe ngati dengu, mthiko ngati supuni. Chichewa cholankhulidwa ndi makina nthawi zambiri chimveka chachilendo, chifukwa kukweza ndi kutsitsa kwa mau sikukhala m'malo mwake.

Pa nkhani za ulimi ndi zaumoyo kulakwa kotere nkoopsa. Mlimi wofuna kudziwa chiwawu cha mbatata, matenda amene afala nthawi ya chinyezi ndi kuzizira, ayenera kuona tsamba lenileni lodwala, kapena chithunzi chake chojambulidwa ndi kamera. Tsamba lopekedwa ndi makina likhoza kuoneka lokongola koma ndi mawanga olakwika, ndipo mlimi angataye ndalama pa mankhwala osayenera. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

CHENJERANI NDI ACHINYENGO

Ngozi yaikulu koposa ndi yakuti makina a mtundu womwewu akhoza kutenga nkhope ndi mau a munthu weniweni ndi kumulankhulitsa zimene sadanene. Zimenezi zachitika kale. Mu March 2022, nkhondo ya ku Ukraine itangoyamba, padafalitsidwa kanema wabodza woonetsa Pulezidenti Volodymyr Zelensky ngati alikuuza asilikali ake kuti atule zida. Iye adatulutsa msanga kanema wake weniweni wotsutsa bodzalo. Kumayambiriro kwa 2024 wantchito wa kampani ya Arup ku Hong Kong adalowa pa msonkhano wa pa kanema, naona nkhope ndi kumva mau a mabwana ake. Onsewo anali opangidwa ndi makina. Pomvera malangizo awo adatumiza kwa akuba ndalama zokwana pafupifupi madola 25 miliyoni a ku America.

Ngati munthu wophunzira wa mu ofesi yaikulu adanyengedwa chotero, wa kumudzi asaganize kuti iye sanganyengedwe. Mabanja ambiri a m'boma la Dedza ali ndi ana ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni. Wakuba akhoza kutenga chithunzi ndi mau a mwanayo pa Facebook, nkupanga uthenga wolira kuti wagwidwa kapena ali m'chipatala, ndipo makolo atumize ndalama pa foni lero lomwe. Wina akhoza kupanga kanema woonetsa munthu wotchuka akulonjeza phindu lalikulu kwa otumiza ndalama, kapena dokotala wabodza wotsatsa mankhwala ochiza matenda onse. Winanso akhoza kuipitsa mbiri ya mtsikana, ya mphunzitsi kapena ya mfumu ndi kanema wa zinthu zimene sizidachitike. M'mudzi mbiri yotere ikhoza kupasula banja kapena kuutsa chipolowe chowonadi chisanafike.

NJIRA ZODZITETEZERA

1. Woonera afunse poyamba kuti kanemayu wachokera kwa yani. Mau akuti "ndangolandira" si yankho. Nkhani yaikulu yoona imvekanso pa wailesi ndi m'nyuzipepala zodziwika.

2. Ayang'ane zala, mano, makutu ndi zolembedwa pa zikwangwani kapena pa malaya. Aonenso ngati milomo igwirizana ndi mau, ngati mithunzi igwera mbali imodzi, ndi ngati anthu a kumbuyo sasungunuka kapena kusoweka. Koma adziwe kuti makina atsopano achepetsa zolakwa zimenezi chaka ndi chaka, kotero kusapeza cholakwa si umboni wakuti kanemayo ndi woona.

3. Ayang'ane ngati pa ngodya pali chizindikiro cha pologalamu imene idapanga. Makampani ena aika chizindikiro chooneka, ndipo Google iikanso china chobisika chotchedwa SynthID. Komabe achinyengo adula kapena kuphimba chooneka chija.

4. Uthenga uliwonse wofulumiza munthu kutumiza ndalama, kapena wouza kuti asauze wina aliyense, ukayikiridwe. Makolo aimbe okha pa nambala imene aidziwa kale, kapena afunse funso limene mwana wawo yekha angayankhe, monga dzina la dimba la agogo ake. Ndi bwino banja lipangane liu lachinsinsi nthawi ikadalipo.

5. Nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni isaperekedwe kwa aliyense, ngakhale wopemphayo aoneke pa kanema ngati wantchito wa boma kapena wa banki.

6. Kanema wokwiyitsa kapena wochititsa manyazi munthu asatumizidwe kwa ena. Wotumiza bodza athandiza wolipanga. Wokayika afunse mphunzitsi, mlangizi kapena apolisi. Safunsa adadya phula.

ZIMENE MALAMULO ANENA

Ena aganiza kuti za pa foni ndi masewera chabe. Si choncho. Dziko la Malawi lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la m'chaka cha 2016, limene liletsa, mwa zina, kuzunza kapena kuopseza munthu kudzera pa makina a intaneti, ndiponso zithunzi zolaula za ana. M'chaka cha 2024 padabweranso lamulo la Data Protection Act, loteteza mbiri ndi zinsinsi za munthu, ndipo bungwe la MACRA ndilo lidapatsidwa udindo woliyang'anira. Palinso lamulo la Copyright Act la 2016, loteteza nyimbo, mabuku ndi mafilimu a eni ake, limene bungwe la COSOMA ligwira nalo ntchito. Kuba ndalama mwa chinyengo ndi mlandu, kaya wakubayo wagwiritsa kalata, pakamwa kapena kanema. Wolakwiridwa asafufute uthengawo, koma ausunge pamodzi ndi nambala imene wachokera, ndi kukanena ku polisi.

Wofuna kupanga kanema wabwino nayenso asunge mwambo. Asagwiritse nkhope kapena mau a munthu wina popanda chilolezo chake. Mphunzitsi asatumize zithunzi za ana a sukulu ku mapologalamu amenewa popanda makolo kudziwa, pakuti chithunzi chikapita ku makompyuta a kunja sichibwezeka mosavuta.

NANGA NTCHITO ZA ANTHU NDI MIYAMBO YA MAKOLO?

Ngakhale kumaiko olemera nkhani imeneyi yautsa mkangano. M'chaka cha 2023 osewera m'mafilimu ku America adanyanyala ntchito masiku 118, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali kuopa kuti makampani adzagwiritsa nkhope zawo mwa makina popanda kuwapempha kapena kuwalipira. Pangano limene lidathetsa kunyanyalako lidati chilolezo ndi malipiro ziyenera kukhalapo. Ojambula ndi olemba ena adasumiranso makampani a AI ku makhoti, ponena kuti ntchito zawo zidatengedwa kukaphunzitsira makina popanda kuwafunsa.

Ku Malawi ntchito ya mafilimu ikadali yaing'ono. Wailesi ya kanema ya dziko lino idayamba m'chaka cha 1999. A Shemu Joyah adapanga The Last Fishing Boat m'chaka cha 2012 ndi The Road to Sunrise m'chaka cha 2017. Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, yonena za a William Kamkwamba a ku Kasungu, idajambulidwa kuno ndipo idatuluka m'chaka cha 2019, ndi mau ambiri a Chichewa. Chimene chidagwira mitima ya anthu m'mafilimu amenewa ndi nkhope zenizeni, malo enieni ndi chilankhulo chenicheni. Kwa wachinyamata wa ku Lobi kapena ku Mayani amene ali ndi nkhani yabwino koma alibe ndalama za kamera ndi galimoto, makina atsopano akhoza kukhala chothandizira, monga popanga chithunzi cha chigumula kapena cha mudzi wakale. Koma nkhani yake ndi makhalidwe a anthu ake ayenera kuzidziwa yekha.

Pa miyambo pafunika kusamala kwapadera. Gule Wamkulu adalemekezedwa ndi UNESCO m'chaka cha 2005. Ku Mua, m'boma lomweli la Dedza, malo a Kungoni amene adayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher m'chaka cha 1976 adasonkhanitsa zigoba zambiri za gule pamodzi ndi matanthauzo ake, chifukwa chilombo chilichonse chili ndi dzina, nyimbo ndi phunziro lake. Makina sadziwa zimenezi. Akapemphedwa gule, asakaniza zigoba za mitundu ya anthu osiyanasiyana ndi kutulutsa chinthu chimene sichidatuluke ku dambwe lililonse. Ana akazolowera kuona zotere, adzayesa kuti ndizo zenizeni. Ncho chifukwa chake wofuna kupanga kanema wokhudza gule, chinamwali kapena ngoma ya Angoni ayenera kuyamba wafunsa mafumu ndi akulu a mwambo.

MAU KWA APHUNZITSI NDI MAFUMU

Boma la Dedza linali ndi anthu opitirira 800,000 pa kalembera wa 2018, ndipo ambiri mwa iwo ndi achinyamata amene adzakula ndi makina amenewa. Kuwaletsa kuonera sikutheka. Chotheka ndi kuwaphunzitsa kuonera mwanzeru.

Aphunzitsi apemphedwa kuchita ndi ana phunziro la kope lija, kuti adziwe kuti kanema ndi chinthu chopangidwa ndi manja a anthu. Pamene pali foni, aonetse ana kanema woona ndi wina wa makina, ndipo anawo apikisane kupeza kusiyana kwake. Mafumu ndi akulu a mipingo awerengere anthu awo njira zisanu ndi imodzi zalembedwa pamwambazi, pa msonkhano wa mudzi kapena potuluka m'tchalitchi, makamaka kwa okalamba amene alandira ndalama kuchokera kwa ana awo akutali. Wowerenga akatha nyuzi iyi, aipereke kwa mnzake, ndipo awerengerenso amene sadziwa kuwerenga.